Katapila wa m'golosale



Tikakumana a Malawi kuno, kaya ndi pa Baniyas Square, kaya ndi pakhomo pa ofesi ya kago, nkhani zathu zimakhala zomwezomwezo: viza ithera liti, dirham ikusinthidwa bwanji ndi kwacha, kontena yafika pa Beira kapena pa Dar es Salaam, kumudzi mvula yagwa kapena ayi. Zonsezi ndi nkhani zofunika ndithu. Koma pali nkhani imodzi yomwe sitikambirana, chonsecho imatikhudza katatu pa tsiku. Ndikunena za zomwe timagula m'golosale ya pansi pa nyumba, ija eni dziko amaitcha baqala.

Ndakhala ku Naif kwa zaka zingapo tsopano, ndipo ndagonako m'zipinda za bed space zosiyanasiyana. Kulikonse komwe ndakhala, ukasuzumira kunsi kwa bedi la munthu umapeza zinthu zofanana: katoni ya ma noodles, buledi woyera, mabisiketi, kachitini ka nyama ndi chibotolo cha chakumwa chotsekemera. M'firiji, ngati ilipo, mumakhala masoseji otchipa aja, aliyense atalemba dzina pa paketi yake.

Sindikunyoza munthu ayi, pakuti chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Munthu waweruka 10 koloko usiku, kukhitchini kuli mzere wa anthu asanu ndi atatu pa chitofu chimodzi, ndipo basi ya kampani ibwera 5 koloko mbandakucha. Kumudzi nako akudikira fizi, feteleza ndi malata. Ndiye munthu amawerengera kuti akamadya za madirham ochepa pa tsiku, pakutha pa mwezi atumiza zambiri. Masamu amenewa amaoneka anzeru, koma ine ndimati ameneyu ndi katapila. Wakatapila amakupatsa ndalama msanga, akumwetulira, osafunsa zambiri, kulira kumadza pobweza. Chakudya chotchipachi chikutikongoza nthawi ndi madirham lero, koma odzabweza ngongoleyo ndi mtima, impso ndi mitsempha yathu.

Chandilembetsa kalatayi ndi zomwe zidaonekera mnzathu wina wa ku Mangochi yemwe tinkagona naye chipinda chimodzi. Ndi bambo wa dzitho, wosafika zaka 40, wonyamula makatoni tsiku lonse osadandaula. Kwa miyezi ingapo ankamva mutu, n'kumangoti ndi dzuwa. Tsiku lina adachita chizungulire ali pantchito, anzake n'kuthamangira naye kuchipatala. Kumeneko adamupeza ndi BP yokwera kwambiri, shuga nayenso atakwera. Atabwerako adakhala pabedi n'kutifunsa kuti, "Achimwene, zatheka bwanji, poti ine medical ndidakhoza?"

Funso limeneli ambiri tili nalo. Medical ya viza ija amatenga magazi pofuna kuona HIV, amajambula chifuwa pofuna kuona TB, ndipo pa ntchito zina amayezanso matenda a chiwindi. Cholinga chake ndi kuteteza anthu a dziko lino ku matenda opatsirana. BP ndi shuga mulibemo. Choncho munthu atha kukhala ndi viza yatsopano m'manja thupi lake likuwonongeka mwakachetechete. Ndipo ena vutoli tidachoka nalo kumudzi. Kafukufuku yemwe unduna wa zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti ku Malawi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa n'komwe. Tsono tikafika kuno n'kumadya za m'mapaketi tsiku ndi tsiku, tikuthira parafini pamoto woyaka kale.

Tiyambe ndi mchere. A WHO amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, komwe ndi pafupifupi supuni imodzi yaing'ono, ya tiyi ija. Umenewu ndi mchere wonse: wa m'ndiwo, wa m'buledi, ndi wobisika m'zakudya zogula. Pamapaketi ambiri amalemba mawu oti sodium, ndipo malire ake ndi mamiligalamu 2,000 pa tsiku. Tengani paketi ya ma noodles, muitembenuze, muwerenge nokha. Mitundu yambiri paketi imodzi imatha pafupifupi theka la mlingo wa tsiku lonse, ndipo munthu wotopa ndi ntchito sakhuta imodzi, amaphika ziwiri. Mchere wambiriwo uli m'kapepala ka zokometsera kaja. Timakyubu tokometsera ndiwo nato pafupifupi theka lake ndi mchere. Pamwamba pa zonsezi pali chizolowezi chathu cha kumudzi chothira mchere m'mbale tisanalawe n'komwe. Mchere ukachuluka thupi limasunga madzi, magazi amathamanga mwamphamvu, mtima umagwira ntchito ya anthu awiri. Mapeto ake ndi sitiroko, kufa ziwalo, kapena kuwonongeka kwa impso. Choopsa n'chakuti nthawi zambiri BP simveka kuwawa. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma.

Chachiwiri ndi shuga. M'chaka cha 2015 a WHO adalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire pafupifupi magalamu 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo adati ndi bwino koposa kutsikira pa masupuni 6. Kachitini kamodzi ka Coca-Cola ka mamililita 330 kali ndi magalamu 35, pafupifupi masupuni 9. Ndani mwa ife angathire masupuni 9 m'kapu ya tiyi? Koma tikamwa zozizira m'kachitini sitimva kanthu. Timadziti ta m'mabokosi tojambulidwa mango ndi malalanje nato musatione ngati zipatso, tambiri ndi madzi, shuga ndi fungo chabe. Nanga tiyi wa karak yemwe tonse timamukonda? Imani tsiku lina pa cafeteria muone m'mene amamukonzera: mkaka wa m'chitini ndi shuga amathiriratu mumphika, ndipo sayeza ndi kasupuni ka tiyi. Kapu yake ndi yaing'ono, koma ambiri amamwa zinayi kapena zisanu tsiku lisanathe.

Boma la dziko lino lidaona kale vutoli. Kuyambira pa 1 Okutobala 2017 lidaika msonkho wa 50 peresenti pa zakumwa za gasi ndi wa 100 peresenti pa zakumwa zopatsa mphamvu. Mu Disembala 2019 msonkhowu udafikanso pa zakumwa zina zothira shuga, ndipo kuyambira mu Januwale 2026 msonkho wa zakumwa zotsekemera ukuwerengedwa potengera kuchuluka kwa shuga yemwe alimo. Ngati eni dziko, omwe ali ndi zipatala zapamwamba, akuchita mantha ndi zakumwazi, kuli bwanji ife?

Zakumwa zopatsa mphamvuzi ndizitchule pazokha, chifukwa abale athu a ulonda ndi oyendetsa galimoto amazidalira kuti asagone pantchito. Kachitini ka mamililita 250 kamakhala ndi caffeine wokwana mamiligalamu 80 ndi shuga woposa masupuni 6. Munthu akamwa titatu usiku umodzi, mtima umagunda ngati ng'oma, akaweruka tulo sitibwera, mawa lake atopa kwambiri, agulanso tina. Kutopako sikudachoke, kwangokankhidwira kutsogolo. Kumbukiraninso kutentha kwa kuno. Chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 Juni mpaka pa 15 Seputembala, lamulo limaletsa kugwira ntchito padzuwa kuchokera 12:30 mpaka 3 koloko masana. M'nyengo imeneyi thupi limataya madzi ochuluka, ndipo chomwe limafuna ndi madzi enieni. Mukaona mkodzo wachita chikasu kwambiri, dziwani kuti impso zikupempha madzi.

Chachitatu ndi nyama zokonzedwa kufakitale: masoseji, poloni, nyama ya m'chitini ndi zina zotero, kaya ndi za ng'ombe kaya ndi za nkhuku. Mu Okutobala 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, yomwe ili mumzinda wa Lyon ku France, idaika nyama zoterezi m'gulu la zinthu zomwe pali umboni wokwanira kuti zimayambitsa khansa. Idati kudya magalamu 50 tsiku lililonse, komwe ndi ngati soseji imodzi, kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi 18 peresenti. Izi sizikutanthauza kuti soseji ya pa chisangalalo ikuphani. Vuto lili pa kuisandutsa ndiwo ya tsiku ndi tsiku kwa zaka ndi zaka. Nyamazi zimakhalanso ndi mchere wambiri. Chimodzimodzinso tchipisi za m'mapaketi, makeke ndi mabisiketi: ufa woyera, mafuta, mchere ndi shuga, ukadya pakangopita ola njala yabwereranso.

Kumudzi munthu akabwera kutchuthi atatulutsa mimba, anthu amati, "Eee, Dubai yakuyanjani, mwanenepa!" Naye amasangalala. Koma tizikumbukira kuti kuno ndife alendo. Ntchito ikatha viza imatha, inshulansi nayo imathera pomwepo. Matenda okha ndiwo amakwera nafe ndege. Amene adapitako ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre akudziwa m'mene anthu odwala impso amadikirira makina osefera magazi. Nyumba yomwe munthu wamanga kwa zaka khumi itha kugulitsidwa m'chaka chimodzi pofuna mankhwala. Chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Mwina wina afunsa kuti nanga tidye chiyani, poti zakudya za kwathu kuno kulibe? Abale, zilipo, kungoti zidasintha maina. Eni magolosale ambiri kuno ndi ochokera ku India, makamaka ku Kerala, ndipo iwo amadya zambiri zomwe amayi athu amalima. Nandolo wathu uja wa ku Mulanje ndi ku Phalombe, yemwe amalonda amatumiza ku India, akamuchotsa makoko amamutcha toor dal. Mphodza ndi moong, khobwe ndi lobia, tchana ndi chana basi. Therere funsani kuti bhindi kapena bamia. Bonongwe a ku Kerala amati cheera, denje Aluya amati molokhia, chinangwa ndi kappa, ndipo ufa wa mawere ophikira phala ndi ragi. Tinsomba touma tonga usipa tiliponso, koma poti ena amatiumitsa ndi mchere, muyambe mwativiika m'madzi n'kutaya madziwo. Yogati yosathira shuga ingakukumbutseni chambiko. Ufa wa nsima umapezeka m'mashopu a anzathu a ku Kenya ndi ku Uganda konkuno ku Deira. Nsomba zaziwisi, masamba ndi zipatso zili mbwee ku Waterfront Market, msika womwe udatsegulidwa mu 2017 m'malo mwa msika wakale wa nsomba wa ku Deira.

Za nthawi ndi mzere wa kukhitchini, mutu umodzi susenza denga. M'chipinda chathu, mnzathu uja atabwerako kuchipatala, tidagwirizana anthu anayi kuchita ngati chipereganyu. Timasonkha ndalama pa sabata, mmodzi amakagula, ndipo yemwe ali pa ofu amaphika mphika waukulu wa nyemba kapena nandolo ndi wina wa masamba, n'kugawa m'makontena osunga m'firiji. Madzulo munthu amangotenthetsa n'kuphika nsima kapena mpunga. Nandolo wochotsa makoko safuna nthawi yaitali pamoto ngati nyemba. Titawerengera tidapeza kuti sitikuwononga ndalama zoposa kale, chifukwa ndalama zambiri zimathera pa zakumwa ndi tinthu ta m'manja tomwe munthu sawerengera. Mnzathuyo akumwa mankhwala ake tsiku lililonse monga adamuuzira adokotala, ndipo akugwirabe ntchito.

Kwa amene sangathe kuchita zonsezi lero, yambani ndi zazing'ono. Ngati mwaphika ma noodles, thirani theka la kapepala kaja, muikemo dzira, kabichi ndi tomato. M'malo mwa karak wachitatu itanitsani sulaimani wopanda shuga. M'thumba la kuntchito muikemo botolo la madzi, nthochi ndi mtedza wosathira mchere. M'mbale masamba achuluke, mpunga kapena nsima zichepeko, pakuti phiri la mpunga woyera nalo limakweza shuga m'magazi. Ndipo kayezetseni. Lamulo la Dubai la m'chaka cha 2013 limakakamiza olemba ntchito kupereka inshulansi ya chipatala kwa antchito awo, choncho amene muli nayo musaisunge ngati chithumwa. BP ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposera apo mobwerezabwereza, kaonaneni ndi dokotala msanga.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa akuluakulu a komiti yathu. Timasonkha mokhulupirika pakagwa maliro kuti thupi la m'bale wathu likafike kumudzi, ndipo ndi bwino kutero. Bwanji titapatulako pang'ono n'kugula kamakina kamodzi koyezera BP, kuti pa msonkhano uliwonse aliyense aziyezedwa tisanayambe zokambirana? Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa tikiti ya ndege. Pakati pathu pali alongo athu odziwa za unamwino omwe angatithandize kuwerenga manambalawo. Ndipemphenso kuti pa misonkhanoyi tiziikapo madzi ndi zipatso m'malo mwa makatoni a zakumwa zotsekemera. Ana athu kumudzi akudikira ndalama, inde, koma akudikiranso kuti tidzatsike ndege pa Chileka kapena pa Lumbadzi tikuyenda ndi miyendo yathu.