Zala, Makiyi ndi Chilembo cha Ŵ

Dzanja limene lazoloŵera kusoka fodya m'chigafa silidikira kuti mutu uliuze chochita. Zala za mphunzitsi pa kompyuta nazonso zili chimodzimodzi. Munthu amene wakhala zaka zambiri akulemba ndi Word pa Windows, akapatsidwa makina a Ubuntu, amapeza kuti Ctrl+C, Ctrl+V ndi Ctrl+Z zikugwirabe ntchito mu LibreOffice Writer, ndipo mtima wake umakhala pansi. Pa makina a Apple ntchito yomweyi ndi ya kiyi ya Command. Kumeneko zala zimakhumudwa poyamba, koma sizichedwa kuphunzira.

Chimene chimandidetsa nkhaŵa ine ndi chilembo cha ŵ. Anthu a kuno ku Kasungu amalitchula bwinobwino liwu limeneli ponena kuti maŵa, nthaŵi, Malaŵi, koma pa makiyi athu mulibe malo ake. Mu Word timalemba 0175 kenaka n'kudina Alt+X. Chilembo chachikulu ndi 0174. Pa Ubuntu ambiri amadina Ctrl+Shift+U, n'kulemba nambala yomweyo, n'kutsiriza ndi Enter. Ulendowo ndi wautali kwa munthu amene akukonza mayeso usiku, motero ndaona ophunzira uphunzitsi ena akungolemba w wamba. Sanasinthe maganizo pa kalembedwe ka Chicheŵa ayi. Makina ndiwo aŵasankhira, ndipo ana a m'kalasi adzakopera zimene aona papepala.

Njira imene ndimaikonda ndi kusankha kiyi imodzi, monga Alt ya kumanja, kuti ikhale Compose. Izi zimakonzedwa mu Settings, pa gawo la Keyboard. Mukatero mumadina kiyiyo, kenaka ^, kenaka w, ndipo kadenga kaja kamakhala pamalo pake.

Komabe inu aphunzitsi a maŵa, musatengeke ndi ufulu umenewu. Mu LibreOffice, pansi pa Tools ndi Customize, munthu angathe kusintha makiyi ambirimbiri monga afunira, ndipo alipo amene amasinthadi. Makina a pasukulu ndi a anthu ambiri. Mwana amene mwamuphunzitsa makiyi a m'mutu mwanu adzasoŵa pogwira akadzakhala pa makina ena ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Ine ndimasiya makiyi okopera, omata ndi osungira monga ndinaŵapezera, ndimawonjezera ya ŵ yokha, ndipo ndimalemba zimene ndasinthazo pa kapepala n'kukamata pambali pa makinawo kuti wobwera pambuyo panga aŵerenge.