Chinthembwe cha Pakhomo Panga

Kwathu ku Songani mkazi akatunga madzi pamjigo amawerengera ntchito ya ndowa iliyonse: yophikira, yosamba, yochapira. Ndowa yothirira maluwa palibe. N'chifukwa chake maluwa achilendo amene anzathu amagula mumzinda wa Zomba amakongola nthawi ya dzinja yokha, pofika Okutobala n'kusanduka zinyalala. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame.

Ine ndinasankha chinthembwe, chimene ana amakono amangochitcha alovera, ngakhale kuti alovera weniweni kwawo ndi ku Arabia. Chathu chino chimamera chokha m'matanthwe a m'mapiri athu. Mtundu umene ndili nawo akatswiri a zomera amautcha Aloe cameronii, dzina limene linaperekedwa mu 1903 pokumbukira Kenneth Cameron, yemwe anautumiza ku Kew ku England kuchokera m'dziko muno. Komatu makolo athu ankachidziwa kale mzunguyo asanabwere.

Mphukira yoyamba anandipatsa ndi azakhali anga. Anandilangiza kuti ndiisiye pamthunzi masiku angapo kuti bala liume, kenako ndiibzale pamchenga wosakaniza ndi timiyala, pamalo owomba dzuwa.

"Iwe, usamachithirire kawirikawiri," anatero. "Chimenechi sichifa ndi ludzu, chimafa ndi chifundo."

Ankanena zoona, pakuti madzi akachuluka mizu yake imaola. Chomerachi chimasunga madzi m'masamba ake onenepa, ndipo timabowo take topumira timatseguka usiku kukazizira, masana n'kutseka.

Mu 2018 nyanja ya Chilwa inaphwa monga inachitira mu 1995. Mabwato anagona pamatope ku Kachulu, matemba anasowa pamsika, ndipo ambiri tinada nkhawa. Chaka chimenecho masamba a chinthembwe changa anafiira ngati mkuwa, koma sichinafe. M'nyengo yozizira yotsatira chinatulutsa maluwa ofiira, ndipo njuchi ndi timbalame ta choso tinadzaza pabwalo.

Chimene chimandidetsa nkhawa tsopano ndi kuphiri. Moto wolusa chaka ndi chaka, pamodzi ndi anthu ozula zomerazi kukagulitsa ngati mankhwala, zikhoza kutisiyira matanthwe ambee. Choncho mnansi aliyense akachisirira, ndimamuthyolera mphukira kwaulere, n'kumupempha chinthu chimodzi chokha: asakazule cha kuphiri, ndipo chake chikabereka, naye agawireko wina.