Kuphunzitsa Piyano Kupuma

Ntchito yanga ndi yosamutsa nyimbo. Ndimatenga nyimbo yolembedwera anthu awiri, woyimba ndi womuperekeza pa piyano, n'kuikonza kuti zala khumi za munthu mmodzi ziyisenze yonse. Mwa nyimbo za ku France, imene imandiyesa kwambiri ndi Après un rêve ya Gabriel Fauré, yomwe inasindikizidwa mu 1878. Mawu ake ndi ndakatulo ya Romain Bussine.

Ndimayamba ndi ndakatuloyo, ngakhale kuti pa piyano mawu sadzamveka. Munthu walota akuchoka padziko ndi wokondedwa wake kulowera kukuwala. Kenako wadzidzimuka, ndipo akuchonderera usiku kuti ubwerere. Pamene akudzidzimukirapo ndi pamene nyimbo yonse yatsamira, choncho zonse zimene ndilembe ziyenera kulunjika pamenepo.

Vuto lalikulu ndi mpweya. Woyimba akagwira noti yaitali amatha kuikuza ali pakati. Piyano singatero, chifukwa kanyundo kakangomenya nsambo, liwu limayamba kuzilala. Mwayi wake, Fauré anaika pansi pa chuni makodi (magulu a manotsi olira pamodzi) obwerezabwereza, asanu ndi limodzi pa bala iliyonse, akugunda ngati mtima. Makodi amenewa ndimawakuza pang'onopang'ono pansi pa noti yaitaliyo, ndipo khutu limakhulupirira kuti notiyo ndiyo ikukula.

Chotsatira ndi kupezera chuni malo. Poyamba ndimaiika pakati pa piyano, pamene liwu limafanana ndi la munthu, n'kuigawira zala zazikulu ziwiri kuti zizilandirana. Njira imeneyi inatchuka ndi Sigismond Thalberg m'zaka za m'ma 1830, moti omvera ankayesa kuti ali ndi manja atatu. Kuvuta kwake n'kwakuti dzanja limodzi limayenera kulemeretsa chala chimodzi, zinzake zili kunong'ona. Komanso nthawi zina chuni imayenda manotsi atatu pamene makodi akuyenda awiri. Pofika podzidzimuka paja, m'pamene ndimakweza chuniyo m'mwamba ndi kutsitsa besi. Chopondera cha piyano ndimachisintha nthawi iliyonse makodi akasintha, apo ayi mitundu ya Fauré imasanduka matope.

Ambiri anayendamo kale m'njirayi. Nyimboyi Pablo Casals anaikonzera cello, Percy Grainger anaikonzera piyano. Koma mwambo umene ndimaugwiritsitsa ndi wa Franz Liszt, yemwe posamutsa nyimbo za Schubert anafuna kuti mawu asindikizidwe pamwamba pa manotsi. Inenso ndimatero, ndipo paliponse pamene woyimba akadakoka mpweya ndimaikapo kachizindikiro koti dzanja linyamuke.

Zala zikazolowera zimalakalaka kuwonjezera zokometsera, koma nyimbo iyi sifuna zambiri. Ndikamaliza, ndimaiyimba pakamwa kwinaku ndikuliza. Pamene mpweya wandithera koma piyano ikupitirirabe, pamenepo ndimafufuta n'kulembanso.