Geji Yabwino Imayambira Pansi pa Boneti

Ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndipo pa zonse zimene manja angawa amamanga, chimene ndimanyadira kwambiri ndi geji yoti ikaloza madigiri 92, injini imakhaladi pa madigiri 92. Masiku ano oika mageji achuluka m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, koma ambiri a iwo akugulitsa zokongoletsa basi. Amamata timawotchi titatu pa dashibodi, toyaka mitundumitundu usiku, mivi yake n'kumavina galimoto ikangolizidwa, mwini wake n'kulipira mokondwa poganiza kuti injini yake yapeza mlonda. Ukatsegula boneti umapeza sensa ili lende pa waya wopota ndi zala, ina yokakamizidwa pa bowo losakhala lake, ina yomangidwa pamalo pamene kutentha kwenikweni sikufika. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa posankha geji, nkhope ya pa dashibodi ndiyo yomalizira kuiganizira. Choyamba ndi sensa ndi malo amene sensayo ikakhale. Geji yonama ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo, pakuti dalaivala wopanda geji amakhala tcheru, amanunkhiza, amamvetsera, pomwe wa geji yonama amaponda mafuta mtima uli m'malo mpaka injini itapsa.

Wina angafunse kuti geji yoonjezera ndi yachiyani pamene galimoto inabwera ndi zake. Yankho lili pa dashibodi za galimoto zimene timaitanitsa ku Japan. Vitz, Passo ndi Honda Fit zambiri zilibe muvi wa kutentha. Zili ndi kagetsi kosonyeza kuti injini idakazizira, ndi kofiira koyaka madzi atayandikira kale kuwira. Pakati pa ziwirizi dalaivala saona kanthu. Ngakhale galimoto zokhala ndi muvi, opanga ambiri amaukonza kuti uzingokhala pakati injini ikakhala pa 80 ngakhale pa 100, kuti oyendetsa asamade nkhawa ndi kusuntha kulikonse, ndiye muviwo umadzanyamuka zinthu zitafika kale poipa. Kagetsi ka oyilo nako n'chimodzimodzi. Injini yabwino ikamathamanga pulesha ya oyilo imakhala cha pa bar 3 kapena 4, koma swichi ya kagetsiko pa injini zambiri imadikira pulesha itsike pansi pa theka la bar imodzi. Kakamayaka pa liwiro, maberingi amakhala atayamba kale kudyana. Opanga sanalakwitse powerengera galimoto yatsopano yoyenda ndi kulanti weniweni. Ife galimoto timaipeza itakalamba, rediyeta itamwa madzi a pa mjigo, n'kuikweza chitunda cha Thabwa kuchokera ku Chikwawa mu Okutobala, kapena cha Chiweta, kapena chochokera ku Golomoti kupita ku Dedza, itadzaza anthu ndi matumba. Hedi ya aluminiyamu ikatenthedwa kamodzi kokha mopitirira ikhoza kupindika, gasiketi n'kupsa.

Choncho wofuna geji ayambe ndi ya kutentha, ya pulesha ya oyilo ibwere pambuyo. Ya magetsi ndi yothandiza koma si yovuta: kakang'ono kolowetsa poyatsira fodya kakwanira, bola kazionetsa pafupifupi mavoti 12.6 injini ili chozima ndi pakati pa 13.8 ndi 14.4 ikamalira. Yekhayo amene ndimamuonjezera ina ndi wa dizilo ya tebo yonyamula katundu wolemera, amene amafunika geji ya kutentha kwa utsi, chifukwa utsi ukakhalitsa pamwamba pa madigiri 700 pa chitunda, mapisitoni ndi hedi zimavutika madzi asanasonyeze kalikonse. Zina zonse zimene anyamata amakonda kudzaza nazo dashibodi ya Vitz n'zongotayitsa ndalama. Za kuboola pomanga geji, kuika fiyuzi ndi kutenga moto pa waya woyaka ndi kiyi sindichedwa nazo, aliyense wodziwa kugwira pulayala amazitha.

Povuta ndi pamalo poika sensa ya kutentha, ndipo apa ndi pamene mmisiri amasiyana ndi wongoyerekeza. Njira imene otchipa amaikonda ndi kudula paipi ya pamwamba ya rediyeta n'kulowetsapo kachitsulo kokhala ndi bowo la sensa. Ndi yachangu, ndipo zinthu zikakhala bwino imawerenga moona. Koma geji timaigulira tsiku limene zinthu zavuta. Taganizani paipi ya pansi yaphulika pa liwiro, kapena pampu ya madzi ikudontha pang'onopang'ono kuyambira m'mawa. Madzi akamachepa, malo oyamba kuuma ndi apamwamba, pomwe pali sensa paja. Sensa imene inapangidwa kuti imizidwe m'madzi imatsala mu nthunzi ndi mpweya, ndipo mpweya supereka kutentha msanga ngati madzi. Muvi umaima pomwe unali, mwinanso kutsika, hedi ikupsa. Dalaivala akaona muvi ukutsika pa chitunda amasangalala, osadziwa kuti chimenecho ndicho chizindikiro choipitsitsa. Themositati ikakakamira chotseka, vuto limafanana: madzi a mu injini akuwira koma sakuyenda, ndiye a mu paipi amachedwa kunena zoona. Palinso kena kamene otchipa amaiwala. Sensa ya waya umodzi imadalira thupi lake kuti ligunde chitsulo cha injini, potero n'kupeza ethi. Ikakhala pakati pa mapaipi a labala ilibe ethi, ndipo popanda waya wapadera wopita ku injini muvi umagona kapena kumangodumphadumpha.

N'chifukwa chake ine ndimafuna sensa ikhale pa hedi penipeni, pafupi ndi potulukira madzi, ndipo pa galimoto zambiri za tsiku ndi tsiku ndimasankha mtundu wa sensa yooneka ngati washa, yomangidwa pansi pa bawuti ya pa hedi kuti izimva kutentha kwa chitsulo chenichenicho. Madzi akhalemo kapena atayike, chitsulo chikatentha nambala imakwera. Sudula paipi, sutsegula bowo latsopano loti mawa lidzadonthe. Komabe bawuti yake isankhidwe ndi maso: isakhale mbali ya ekizozi, pamene manifodi idzainamiza ndi moto wake, isakhale pamene fani imawombapo mphepo mwachindunji, ndipo isakhale imodzi mwa zikuluzikulu zomanga hedi ku buloko, zimene sitimasula wamba. Pansi pake papalidwe mpaka chitsulo chiwale. Anzanga ena amatsutsa kuti sensa yotereyi sipereka nambala yofanana ndendende ndi ya madzi, ndipo akunena zoona, imasiyana ndi madigiri angapo malinga ndi bawuti. Koma dalaivala sakulemba mayeso a sayansi. Chimene akufuna ndi kudziwa nambala imene galimoto yake imayendera masiku onse, ndi kuona msanga ikayamba kuchokapo. Pa ntchito imeneyo sensa yosiyana ndi madigiri atatu tsiku lililonse imaposa yolondola kwambiri imene imakhala chete tsiku la ngozi.

Ku pulesha ya oyilo nkhani yagona pa mazinga, ndipo ndi pamene mabuloko ambiri aonongekera m'manja mwa achangu. Injini zambiri za ku Japan zimakhala ndi bowo la mazinga a 1/8 BSPT, pomwe masensa ambiri ogulitsidwa ndi mageji oonjezera ndi a 1/8 NPT, muyezo wa ku America. Poyang'ana ndi maso n'zofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti a BSPT ali ndi mazinga 28 pa inchi, a NPT 27. Sensa imalowa bwinobwino kawiri kapena katatu, kenako imalimba, ndipo wosadziwa amatenga sipanala yaikulu n'kukakamiza. Pa buloko ya aluminiyamu mazinga amaphwanyika kapena bowo limang'aluka, oyilo n'kuyamba kuchucha pamalo pamene sipanadonthepo chibadwire galimotoyo. Akaona kuchucha amakulungapo tepi yoyera ya mipope yochuluka, tepiyo n'kutseka ethi, tizidutswa take tina n'kulowa m'njira za oyilo. Mankhwala ake ndi kachidutswa kakang'ono ka mkuwa kosintha mazinga, ndipo mkuwa ndimaukonda kuposa chitsulo china chilichonse pa ntchitoyi. Suchita dzimbiri, umakhala bwino pa mazinga popanda kuwakukuta, umapititsa ethi mosavuta, ndipo ukaugwira m'manja umalemera moti umadziwiratu kuti si zija zopepuka zongopakidwa utoto wachikasu, zimene zimathyoka ngati bisiketi. Koma ngakhale mkuwa uli ndi malire. Sensa ya pulesha ndi yolemera, ndipo ukaipachika pa nthambi yaitali yotuluka pa buloko pamodzi ndi swichi yakale, kunjenjemera kwa injini, makamaka ya dizilo pa msewu wafumbi, kumaithyola tsiku lina, oyilo yense n'kutayika m'kanthawi kochepa. Sensa yolemera imangidwe pa bodi, ilumikizidwe ku injini ndi paipi yolukidwa ndi waya yopirira pulesha. Swichi yakale ya kagetsi isachotsedwe. Ndipo geji zija zobweretsa oyilo weniweni m'kati mwa galimoto kudzera m'kapaipi kapulasitiki sindimanga, chifukwa kapaipiko kakauma n'kusweka, oyilo wamoto amathira dalaivala m'miyendo uku injini ikutsala youma.

Zambiri mwa izi ndinazitenga kwa bambo amene anandiphunzitsa ntchito, mmisiri wa nthawi ya malole akale, amene sankalola geji kulowa m'galimoto isanayesedwe pa benchi. Lamulo lawo linali lakuti sensa ya kutentha imizidwe m'madzi owira mu ketulo, italumikizidwa ku geji yake ndi batire, wophunzira aime pomwepo kuwerenga. Ankatikumbutsanso kuti kumtunda kuno madzi sawira pa 100 monga tinaphunzirira ku pulayimale. Lilongwe ili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, ndiye madzi amawira cha pa 96 kapena 97, ndipo geji yoloza 100 ndendende mu ketulo ya ku Lilongwe ikuonjeza. Sankalola kusakaniza sensa ya kampani ina ndi geji ya kampani ina, chifukwa iliyonse ili ndi ma ohm ake. Ya pulesha ya kampani ya VDO imayenda kuchoka pa 10 kufika pa 180, pomwe zambiri za ku America zimayenda mobwerera, kuchoka pa 240 kutsika kufika pa 33, ndiye ukaziphatikiza muvi umanena zosiyana ndi zimene zikuchitika. Waya aliyense ankafuna awotcheredwe ndi soda kapena afinyidwe ndi chofinyira chake, adutse pa bowo lokhala ndi labala, atalikirane ndi ekizozi. Wopota waya ndi zala ankamubweza akayambirenso, ngakhale kasitomala akudikira panja. Pa ubwana wathu tinkaona ngati nkhanza, koma galimoto zotuluka m'manja mwawo sizinkabwerera ndi vuto lomwelo, ndipo mpaka lero ketulo ili pa benchi yanga.

Achinyamata ophunzira amanditsutsa ndi foni. Amati n'kuvutikiranji ndi mawaya pamene kachipangizo ka ELM327 kolowetsa pa soketi ya OBD kamaonetsa zonse pa foni? M'mawu awowo muli nzeru. Kachipangizoko kamawerenga sensa ya galimoto yomwe, imene opanga anaiika pamalo abwino, ndipo sikafuna kudula chilichonse. Pofufuza vuto m'galaja nanenso ndimakagwiritsa ntchito. Koma galimoto zina zopangidwira msika wa m'Japan momwemo sizilankhulana ndi tizipangizo totchipati, za dizilo zakale zilibe n'komwe cholankhula, ndipo pulesha ya oyilo sungaipezepo pa injini zambiri chifukwa kompyuta yake imangodziwa swichi ija. Sensa ya kutentha ya galimotoyo nayonso ndi yomizidwa m'madzi, ndiye madzi akatayika vuto lija la nthunzi silinachoke. Kuonjezera apo, foni imalira, imatha moto, imalowa m'thumba. Dalaivala wa minibasi amene maso ali pa msewu, pa okwera ndi pa njinga za kabaza sangamayang'ane foni, ndipo kunena zoona ngakhale geji saiyang'ana kawirikawiri. Pa chifukwa chimenechi geji yopanda alamu sindiiwerengera. Khutu limamva ngakhale maso ali kwina.

Chotsala ndi mtengo, ndipo apa makasitomala amanditopetsa. Munthu amabwera ndi bokosi la mageji atatu limene wagula motchipa, n'kufuna ndimumangire pa mtengo wa mnyamata wa pa msika, ati pajatu ndi mawaya atatu okha. Ukamuuza kuti pakufunika kachidutswa ka mkuwa, paipi yolukidwa ndi theka la tsiku, amaona ngati ukumubera. Komatu yemweyo hedi ikapindika adzalipira gasiketi, kupala hedi, oyilo watsopano, makaniko, ndi masiku amene galimoto idzakhale osagwira ntchito, ndalama zoposa kutali zimene akukana lero. Ena geji yoona imawakhumudwitsa. Ikaonetsa kuti injini ikuyendera pa 60 amakondwa kuti ndi yozizira bwino, pamene ikuulula kuti wina anachotsamo themositati, imene pa Toyota zambiri imatseguka cha pa 82, ndipo injini yosafika pa kutentha kwake imamwa mafuta ambiri n'kumatha msanga. Ikaonetsa 95 pa chitunda amathamangira kudzandiuza kuti geji yafa, osadziwa kuti chivindikiro cha rediyeta cha 0.9 kapena 1.1 bar chimachititsa kuti madzi asawire mpaka cha pa 120. Choncho galimoto isanatuluke ndimapempha mwini wake aiyendetse sabata imodzi akusunga pamtima nambala imene imakhazikikapo m'tauni ndi pa chitunda, kenako abwere tidzaike alamu pa madigiri 10 pamwamba pa nambala ya pa chitundayo. Ndimamuuzanso pamaso pa dalaivala wake kuti alamu ikalira apatuke n'kuima pomwepo, asati ndingofika pa siteji, ndipo chivindikiro cha rediyeta asachikhudze mpaka paipi ya pamwamba itazizira moti n'kuifinya ndi dzanja.