Dengu la Amayi Anga

Tsiku limene dzina langa lidatuluka pamndandanda wa osankhidwa kupita ku Malawi University of Science and Technology, agogo anga aakazi adandifunsa funso limene mpaka lero limandivutabe kuyankha m'Chichewa. Adati, "Kodi kusukulu yaukachenjedeko ukaphunzirako chiyani, mdzukulu wanga?" Ndidayankha kuti uinjiniya. Iwo adagwedeza mutu movomereza, paja injiniya amene ankamudziwa adali uja wokonza makina m'fakitale ya tiyi, wovala ovololo yamafuta okhaokha. Ndidawafotokozera kuti uinjiniya wanga udali wina: kulingalira chinthu chisanakhalepo, kuchijambula, kusankha zopangira zake, kuchiyesa, kenaka kupeza njira yochipangira chambirimbiri. Adakhala chete pang'ono, kenaka adaloza lichero limene lidali pakhonde nati, "Ndiye kuti ukaphunzira zimene akudziwa kale amene adaluka ili?" Tonse tidaseka. Ine ndidaseka mokweza kuposa onse chifukwa ndinkaganiza kuti agogowo sadamvetse.

Ndidabadwira m'mudzi wina wochita malire ndi esiteti ya tiyi ku Thyolo. Munthu wochokera ku Limbe akangodutsa Bvumbwe amayamba kuona minda yobiriwira itayalana m'zitunda ngati mphasa, ndipo alendo ambiri amaimitsa galimoto kuti ajambule. Ife obadwira komweko sitijambula. Tiyi adayamba kuchita bwino ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890 ndipo adafika ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, idayamba mu 1923. Makolo a agogo anga adali m'gulu la Alomwe amene adachoka ku Mozambique m'nyengo imeneyo nadzapeza malo m'minda ya azungu, kumene lendi ankalipira pogwira thangata. Kuyambira pamenepo dengu silidachoke pamsana pa banja lathu. Agogo adalibereka, amayi anga akuliberekabe.

Ntchito yotchola tiyi imaoneka yosavuta kwa munthu woonera pamsewu. Mitengo amaidulira kuti ilekeze m'chiuno, ndipo pamwamba pake pamakhala posalala ngati tebulo. Wotchola amalowa pakati pa mizere m'mamawa mame asanakamuke, atadzikulunga pulasitiki m'chiuno kuti nthambi zisamung'ambire zovala. Amatchola masamba awiri anthete ndi kamphukira kake ndi manja onse awiri, nkuponya kumbuyo m'dengu osacheuka. Dengu likadzaza amapita kusikelo, kalaliki amalemba makilogalamu, iye nkubwereranso mumzere. Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndiyo tiyi amaphuka kwambiri, ndipo ndiyonso nyengo imene amayi ankafika kunyumba osafuna kuyankhula ndi munthu. Ndili wamng'ono ntchito yanga ya madzulo idali yowathowa mapewa ndi kansalu koviika m'madzi otentha. Paphewa lililonse padali mzere wakuda pamene pankadutsa chingwe cha dengu.

Sukulu yathu ili ku Ndata, m'boma lomweli la Thyolo, pamalo amene adapereka malemu Bingu wa Mutharika, ndipo idalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Kuchokera kwathu si ulendo wautali, koma nditalowa m'chipinda chimene timachitcha Design Studio ndidaona ngati ndawoloka nyanja. Mudali makina odulira zitsulo ndi matabwa, mudalinso makina amene amaumba kanthu ka pulasitiki kuchokera pachithunzi cha pakompyuta. Tidaphunzira kuwerengera kulemera kumene chitsulo chingasenze chisanapindike, kusiyana kwa zipangizo, ndi kajambulidwe koti mmisiri amene sunakumanepo naye apange chinthucho osakufunsa funso. Mphunzitsi wathu wina ankakonda kutiuza za Pumani, makina othandiza ana obadwa masiku asanakwane kuti azipuma bwino, amene ophunzira a ku Rice University ku America adakonza pamodzi ndi madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Poyesa koyamba adagwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'mathanki owetera nsomba. Mphunzitsiyo ankabwereza kuti chimene chidapambanitsa makinawo ndi nthawi imene okonzawo adakhala m'wodi kumvera anamwino. Mawu amenewa ndidawalemba m'kope, ndipo pamayeso ndidawabweza bwino lomwe. Kuwamvetsa kudabwera mochedwa.

M'chaka chachitatu aliyense adauzidwa kupeza vuto lenileni la kudera kwawo ndi kulikonzera chida. Ine sindidachite kuganiza kawiri. Ndidalemba mafunso khumi m'Chingerezi, nkuwamasulira m'Chichewa, ndipo patchuthi ndidayenda nawo m'mudzi ndili ndi bolopeni m'manja. "Kodi mumakumana ndi mavuto anji pogwiritsa ntchito dengu?" Amayi amene adandiona ndikukwawa ankandiyalira mphasa mwaulemu nkuyankha kuti, "Ayi, palibe vuto, zonse zili bwino." Pafupifupi onse adayankha chimodzimodzi. Pambuyo pake ndidamva kuti ena ankaganiza kuti mapepalawo akathera kuofesi ya esiteti, ndipo munthu waganyu ya nyengo sadandaula pamaso pa bolopeni. Koma panthawiyo ndidangoti anthuwa adazolowera mavuto, ine wophunzira ndiwaganizira.

Ndidabwerera kusukulu ndi kukonza chinthu chimene ndinkachinyadira kwambiri. Chidali chikwama chachinsalu cholimba chosalowa madzi, chomangidwa pafelemu ya aluminiyamu, chokhala ndi lamba wamkulu wa m'chiuno. Mabuku amanena zoona kuti katundu wapamsana akatsamira m'chiuno mapewa amapepukidwa, ndipo masamu anga adagwirizana nazo. Ndidachikulitsanso kuti chizinyamula masamba ochuluka kuposa dengu, poganiza kuti maulendo opita kusikelo achepa. Anzanga adachiyesa m'kalasi titaikamo mabuku, onse adati nchabwino.

Malume anga ali ndi kamunda kawo ka tiyi, monga alili alimi ang'onoang'ono ambiri amene amagulitsa masamba kumafakitale. Kumeneko ndi kumene amayi adakachiyesera Loweruka lina mu Januwale, ine ndili pambali ndi wotchi ndi kope. Sipadathe mphindi zisanu, lamba wa m'chiuno uja adakodwa m'nthambi, paja mitengo imalekeza pomwepo pamene ndidaika chomangira. Atadzimasula adayamba kutchola, koma masamba ankagwera pansi. Dzanja lawo lakhala likuponya pamalo amodzi kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo kamwa la chikwama changa lidali lopapatiza komanso m'mwamba kwambiri. Amayi sadanene kanthu, ankangowerama kutola masambawo. Dzuwa litakwera, malume adapisa dzanja m'chikwamamo nandiitana. "Mphwanga, tagwira umu." Mudali motentha ngati muli mwana wodwala malungo, ndipo masamba apansi adali atayamba kufiira. Tsamba la tiyi likathothoka mumtengo limapumabe ndipo limatulutsa kutentha. Likapanikizana mopanda mpweya limapsa, kufakitale nkulikana. Mipata ya dengu lansungwi, imene ine ndinkaiona ngati umphawi, ndiyo imapitsa mphepo.

Pobwerera kunyumba amayi adandifunsa mtengo wa chikwamacho. Nditawauza adaseka chapansipansi. Kenaka adafunsa kuti felemuyo ikathyoka adzakaiwotcherera ndani, popeza owotcherera apamsika pathu amadziwa chitsulo chakuda chokha. Funso lachitatu ndi limene lidandisowetsa tulo. Adati, "Iwe wati ichi chizinyamula zambiri. Nanga kapitawo akaona kuti tonse tikunyamula zambiri, mlingo wa tsiku ausiya pomwe ulipa?" Ndidalibe yankho. M'masamu anga onse mudali kulemera kwa masamba, utali wa msana ndi mphamvu ya aluminiyamu, koma kapitawo mudalibe.

Tchuthi chotsalacho ndidasiya kope m'nyumba. Ndinkangoperekeza amayi kumjigo madzulo ndi kukhala nawo podikira mzere wa ndowa. Kumeneko, popanda wofunsa, amayi omwe aja amene adati zonse zili bwino ankadandaula momasuka, Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe. Ndipo apa ndi pamene ndidazindikira chinthu chimene chidandichititsa kulemba nkhaniyi. Papepala langa lija ndidali ndi mawu amodzi okha, "kuwawa," ndi manambala oti munthu asankhe kuyambira 1 mpaka 5. Iwo adali ndi mawu ambiri, ndipo palibe amene ankawasokoneza. Wina akati chingwe chikucheka, ankanena za khungu la paphewa, ndiye kuti chingwecho nchopyapyala kwambiri. Akati dzanja lachita dzanzi, chingwe chidali chikufinya pafupi ndi khosi kapena m'khwapa, kumene kumadutsa mitsempha. Akati dengu likugunda, ndiye kuti tsinde lake linkamenya pamsana poyenda chifukwa chakulendewera. Akati likukoka, kulemera kudali kutali ndi thupi, mwini wake nkumawerama kuti asagwe chagada, ndipo madzulo ndiye uja amati msana ukuphwanya. Kunyeka kudali kwina, kwa thukuta ndi nsungwi zokhakhala zikamakhuzana ndi bulauzi yonyowa. Liwu lililonse linkaloza mbali yakeyake ya dengu yofunika kukonza. Zimene kusukulu timazitcha zofuna za wogwiritsa ntchito, zimene timavutika kuzilemba m'Chingerezi m'mabokosi, zidali zitasanjidwa kale m'chiyankhulo cha pamjigo. Ine pomasulira mafunso anga kuchoka m'Chingerezi ndidaziphwanyira zonsezo m'liwu limodzi.

Ndidapita kwa bambo wina wokalamba amene amaluka madengu kuseri kwa msika. Ndidawapeza akusenga nsungwi ndi kampeni kakang'ono, ndipo adandimvera osaleka ntchito. Nditawaonetsa chithunzi cha pakompyuta adachiyang'ana mozondotsa nandibwezera. Koma nditanena kuti amayi akuti dengu likukoka ndiponso likugunda, adaika kampeni pansi. Adati zimenezo nzosavuta, mbali yotsamira kumsana iyenera kukhala yophwatalala osati yozungulira, ndipo zingwe zimangidwe cha m'mwamba komanso motalikirana pang'ono. Ndidawafunsa chifukwa chimene sankalukira choncho kale. Adati, "Amene amagula madengu ambiri nthawi imodzi amafunsa mtengo, mwana wanga. Za msana sadandifunsepo." Ndidakumbukira lichero la agogo lija, ndipo ulendo uno sindidaseke.

Chimene tidapanga pomaliza sichidali chooneka bwino pachithunzi. Lidali dengu lomwe lija lansungwi, kukula kwake komweko, koma lophwatalala kumsana. M'malo mwa zingwe tidaika malamba otambalala ngati zala zinayi, osokedwa ndi telala kuchokera kuzidutswa za jinzi yakaunjika, mkati mwake muli mphira wa chubu chakutha cha njinga. Pamene ine ndidathandizapo ndi poyesa: ndidapachika mchenga wolemera mosiyanasiyana kuti ndione msoko umene uyambe kutha, ndidaviika malambawo m'madzi kangapo ndi kuwayanika kuti ndione ngati mphira ungatuluke, ndipo ndidajambula patani imene telala aliyense angadulirepo. Tsiku loonetsa ntchito zathu, dengu langa lidaima pakati pa zida za anzanga zokhala ndi mawaya ndi timagetsi, ndipo kunena zoona ndidachita manyazi. Mmodzi wa oyesa adandifunsa kuti uinjiniya uli pati pamenepa. Ndidamuwerengera mawu asanu aja, kucheka, dzanzi, kugunda, kukoka ndi kunyeka, ndi kumuonetsa chimene tidasintha pa liwu lililonse. Adandiuza kuti ndiwalembe pabolodi.

Funso la kapitawo lija silidathe ayi. M'maesiteti ena anthu amatchola ndi chida chonga sizasi yaikulu yokhala ndi kabokosi kolandirira masamba, ndipo ku Kenya makina otcholera tiyi adadzetsa mkangano waukulu pakati pa makampani ndi ogwira ntchito, mpaka nkhani kufika kumakhoti. Tiyi wathu amagulitsidwa pamsika wa ku Limbe ndi kunja, kumene amapikisana ndi tiyi wa mayiko amene amatchola motsika mtengo. Ndikudziwa kuti ndikamaliza maphunziro, ntchito yolipira bwino imene ndingaipeze kufupi ndi kwathu ingakhale yosamala kapena kukonza makina otere. Ndikudziwanso kuti fizi ya ang'ono anga awiri ikudikira malipiro angawo, pamene yanga idachokera m'dengu. Ndikafunsidwa kuti ndidzachita chiyani, ndimayankha mosiyanasiyana malinga ndi amene wafunsa.

Amayi adalibereka dengu latsopanolo nyengo yonse ya mvula. Anzawo angapo adatengera malambawo, ena adangopinda chitenje chakale m'malo mwa jinzi, ndipo palibe amene adabwera kudzapempha patani yanga ija. Nditapita kunyumba patchuthi chapitachi ndidapeza lamba wakumanzere atamupinda ndi kumusoka ndi ulusi wakuda. Ndidafunsa ngati adaduka. Amayi adati ayi, koma kuti ndidawadula ofanana, pamene phewa lawo lakumanzere lidatsika kalekale kuposa lakumanja. Ndidawayang'ana ataima pakhomo, ndipo zidalidi choncho. Zaka zonse zija ndinkawathowa mapewa amenewa, koma sindidaonepo. Ndidalowa m'nyumba kukatenga tepi yoyezera.