Jenereta tinailipira, woyimba tinangomuthokoza

Mu Okutobala chaka chatha wayilesi ya pasukulu pathu inakonza chikondwerero cha nyimbo pabwalo la mpira, kuseri kwa mahostelo. Ine ndinali m'komiti, ndipo ntchito yanga inali yofuna oyimba. Papita miyezi ingapo koma pali chinthu chimodzi chomwe chikundisowetsabe mtendere. Ndachilemba pano kuti anzanga amene mukukonza zoterezi musadzapunthwe pomwe tinapunthwa ife.

Maganizo athu anali abwino. Pa social weekend pamabwera oyimba otchuka, omwe nyimbo zawo zikulira kale m'minibasi iliyonse. Ife tinafuna zosiyana: tsiku limodzi, panja, kulowa ulere, ndipo pasiteji pakwere okhawo amene wayilesi zikuluzikulu sizinawaulutsepo. Mesho wanga, yemwe amatsatira kwambiri nyimbo zakunja, ndiye anabweretsa mawu akuti indie, kutanthauza oyimba odziimira paokha, opanda kampani yowajambulira kapena kuwagulitsira nyimbo. Anatiuza kuti ku America oyimba otere anakwezedwa ndi wayilesi za ophunzira. Gulu la R.E.M. la ku Athens, m'chigawo cha Georgia, linayamba kumveka pa wayilesi za m'makoleji kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, wayilesi zamalonda zisanalilabadire. Mu 1988 Kurt Cobain ananyamula yekha mbale yoyamba ya Nirvana kupita nayo ku KCMU, wayilesi ya pa University of Washington ku Seattle, yomwe lero ndi KEXP. Titamva zimenezi tinadziona ngati ifenso tikuyamba mbiri.

Chomwe sitinachiganizire n'chakuti kuno kwathu mawu amenewa sasiyanitsa munthu. Pafupifupi woyimba aliyense m'Malawi muno ndi wodziimira payekha, osati mochita kusankha koma chifukwa alibe potsamira. Studio amalipira yekha, kanema amajambulitsa yekha, thiransipoti n'kuthumba kwake. Makolo athu ankagula makaseti kwa O.G. Issa ku Limbe, ndipo woyimba ankapezako kangachepe. Lero nyimbo imayenda pa WhatsApp ndi pa memory card, mwini wake osaona ndi tambala yomwe. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama ku wayilesi ndi malo ena oseweretsa nyimbo n'kugawira eni ake, koma kuti ulandire uyenera kukhala utalembetsa nyimbo zako, ndipo nyimbozo zikhale zikumveka kwinakwake. Kwa woyimba wa pamsika, malipiro ndi omwe wagwira m'manja tsiku lomwe wayimbalo.

Woyimba wa pamsika ndi amene ine ndinakamutenga. Ndi bambo a msinkhu wa atate anga, amaimba babatoni pamsika womwe uli pafupi ndi sukulu yathu. Amene simunaionepo, babatoni ndi chida cha chingwe chimodzi chokhuthala, mtengo wake wautali kuposa munthu, kumunsi kuli bokosi lokutidwa ndi chikopa. Ndi chida chomwe Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika nacho pa intaneti, ndiponso chomwe Madalitso Band anachoka nacho m'misewu ya Lilongwe n'kukaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako ku Ulaya. Nkhani zimenezi ndinazinyamula m'mutu ngati nyambo.

Nditawafotokozera zonse, anandifunsa funso limodzi lokha.

"Nanga mwana wanga, mundipatsa zingati?"

"Bambo, ndalama chaka chino palibe," ndinayankha. "Koma mudzamveka pa wayilesi, anthu adzakudziwani."

Anaseka, n'kunena kuti anthu amawadziwa kale chifukwa pamsikapo amakhalapo tsiku ndi tsiku. Komabe anavomera. Mpaka lero ndimaganiza kuti anangondimvera chisoni.

Tsopano ndinene zoona za bajeti yathu, chifukwa mawu anga akuti ndalama palibe sanali oona kwenikweni. Ndalama inalipo, yochepa, koma inalipo. Mwini masipika tinamulipira theka tsikulo lisanafike chifukwa anakana kusuntha popanda ndalama. Wa jenereta chimodzimodzi, pamodzi ndi mafuta ake. Tinalipira tenti, matabwa a siteji, mapositala ndi alonda. Tinasindikizanso ma T-shirt a komiti, ndipo yanga ndimaivalabe. Aliyense amene anali ndi mphamvu yokana tinamulipira. Amene sanalipidwe ndi okhawo omwe chikondwererocho chinakonzedwa m'dzina lawo.

Tsikulo kunatentha monga mukudziwira Okutobala. Anthu anabwera ndithu, ena atanyamula zitenje zoyala pansi, amayi a mandasi ndi anyamata a tchipisi atazungulira bwalo. Cha m'ma 4 koloko magetsi anathima. Jenereta inalira kwa mphindi zochepa, kenako nayo inatsokomola n'kukhala chete. Anyamata a hip hop omwe anabwera ndi ma beat awo pa flash anangoima manja m'thumba. A komiti tinayamba kulozana zala, ndipo anthu anayamba kunyamuka.

Bambo aja sanafunse munthu. Anakoka babatoni yawo n'kukakhala pansi pa mtengo, kumbali kwa siteji, n'kuyamba kuimba. Poyamba anawazungulira ana a m'mudzi woyandikana nafe omwe analowa pampanda. Kenako anafika atsikana a chaka choyamba, kenako bwalo lonse. Fumbi linakwera mpaka kutsokomola. Anaimba pafupifupi ola lathunthu popanda maiki, ndipo jenereta itadzuka anthu anakuwa kuti izimitsidwe kaye amalize nyimbo. Mukafunsa aliyense amene analipo chomwe amakumbukira, akuuzani za ola limenelo. Chithunzi chomwe tinaika pa Facebook tsiku lotsatira ndi chawo.

Madzulo ndinawaperekeza kumsewu. Ndinawapatsa ndalama ya kabaza, Fanta ndi banzi, ndipo ndinawathokoza ndi mawu ambirimbiri. Analandira ndi manja awiri.

"Zikomo mwana wanga. Ulendo wina mudzandiitanenso, koma lisadzakhale Loweruka."

Ndinamvetsa ndili kale m'njira yobwerera. Loweruka ndi tsiku la msika waukulu, tsiku lomwe amapeza ndalama yoti iwafikitse pakati pa sabata. Ife sitinangolephera kuwalipira, tinawalanditsanso ndalama ya tsiku lawo labwino. Pa onse amene anathandiza chikondwerero chija, iwo ndi amene anapereka zambiri, ndipo dzina lawo silinali pa positala.

Nditayambitsa nkhaniyi m'komiti, anzanga anayankha zinthu zomwe sindingazitaye. Anati wayilesi ya ophunzira si kampani, ndipo tonsefe timagwira ntchito mongodzipereka. N'zoona. Koma ine kudzipereka kwanga kuli ndi malipiro: ndalemba pa CV kuti ndinakonza nawo chikondwerero, ndipo tsiku lina mzere umenewo udzandithandiza pofunsira ntchito. Bambo aja alibe pomwe angalembe. Anatinso kumveka pa wayilesi kumatsegula makomo. Nthawi zina kumaterodi. Akaidi a kundende ya Zomba anafika pampikisano wa Grammy wa 2016 chifukwa wina anawajambula n'kutulutsa nyimbo zawo kunja. Koma tili ndi a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, omwe Amalawi akhala akuvina nyimbo zawo kwa zaka makumi ambiri, ndipo kutchukako sikunawalemeretse. Kudziwika ndi kudya ndi zinthu ziwiri, ndipo ife ophunzira za chikhalidwe timazidziwa bwino chifukwa timazilemba m'mayeso.

Wina anati vuto linali kulowetsa anthu ulere. Sindikugwirizana naye. Lake of Stars, yomwe inayambira ku Chintheche mu 2004, imagulitsa matikiti, Sand Music Festival nayonso chimodzimodzi. Koma Tumaini Festival, yomwe Menes la Plume anayambitsa mu 2014 kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, anthu amalowa ulere, ndipo ndi chimodzi mwa zikondwerero zolemekezeka m'dziko muno. Kulowa ulere ndi chisankho chabwino pamalo ngati pathu pomwe ambiri tikudikira alawansi. Chimangotanthauza kuti ndalama ya woyimba iyenera kuchokera kwina, ndipo kuifuna ndi ntchito ya komiti. Walira mvula walira matope.

Chaka chino ndili m'komiti kachiwiri, ndipo ndapereka maganizo anayi. Mzere woyamba pa bajeti ukhale wa oyimba, masipika abwere pambuyo. Tiitane oyimba ochepa omwe tingathe kuwalipira, m'malo mwa khumi ndi awiri oti tidzawathokoze. Ma T-shirt asakhalepo. Ndipo popeza tili ndi studio, aliyense amene waimba timujambulire bwino, timupatse nyimbo zake, timuthandize kulembetsa ku COSOMA, ndipo nyimbozo zizimveka pa wayilesi yathu chaka chonse, osati sabata ya chikondwerero yokha. Pa mfundo ya ma T-shirt ndagonja kale, anzanga akuti popanda yunifomu anthu satidziwa. Zinazo tikukanganabe.

Bambo aja ndimawaona ndikapita kukagula tomato. Amandipatsa moni mwansangala, ndipo sanatchulepo za tsiku lija. Sindinawaitanebe. Ndikudikira kuti komiti ivomereze ndalama yake, kuti akadzandifunsanso kuti mundipatsa zingati, ndidzatchule nambala. Tsikunso ndapempha kuti likhale Lamlungu masana.