MKULU AMENE ANALI KUTIWERENGERA SPEAR

Ine ndine nkhalamba tsopano, majombo a pansi ndinabvula kalekale, koma ndapempha malo pang'ono m'nyuzi muno kuti ndikambe za kanema wochipa ndi timabuku ta zithunzi, pakuti pali mlandu umene ndakhala nao mumtima zaka zoposa 50.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga anadza ndi foni yace nati, "Agogo, taonani kanema uyu, museka mpaka nthiti kuwawa." Dzina la kanemayo ndi Who Killed Captain Alex? Anampanga munthu wa ku Uganda, Isaac Nabwana, m'caka ca 2010, ku Wakaliga, dera la anthu osauka mu mzinda wa Kampala, ndipo ndalama zimene anaononga sizinapitirire madola 200. Mfuti zace nza mitengo ndi zitsulo zotola, osewera ace ndi anansi, ndipo helikopita imene iphulitsa nyumba njojambula pa kompyuta, moti ngakhale mwana aona kuti njabodza. Kanemayo atha osatiuza bwino amene anapha Alex. Komabe anthu a ku America ndi ku Ulaya amuonera mobwerezabwereza kufikira kumloweza pamtima.

Mdzukulu wanga anali kuseka helikopita. Ine ndinachera khutu ku cinthu cina. M'kanemamo muli mau a munthu wosaoneka, wochedwa VJ Emmie, amene alankhula pamwamba pa zithunzi kuyambira poyamba kufikira pomariza: amasulira, anyoza, acemerera womenya, aseka wakugwa. Nditamva mau amenewo ndinakumbuka mkulu wina wa ku Dedza amene ndinagona naye cipinda cimodzi m'komboni, ndipo kuseka kunandithera.

Ndinafika pa mgodi wina wa golide ku Free State m'caka ca 1970, ndiri mnyamata wosadziwa ngakhale kupempha madzi m'Cifanakalo. Loweruka madzulo kunali bayisikopo. Mwambo umenewu ngwakale ndithu: mmishonale wa ku America, Ray Phillips, anayamba kuonetsa kanema m'makomboni a ku Joni ca m'ma 1920, ndipo amigodi a nthawi imeneyo anampatsa Charlie Chaplin dzina lakuti Sidakwa, ndiko kuti cidakwa. Ife cakudya cathu cinali akauboyi. Zithunzi zinali zakale ndi zokandika, mau ace ngati a wailesi ya mabatire akutha, ndiponso zinali zoduladula, pakuti munali zinthu zimene eni ace sanafune kuti munthu wakuda aone. Munthu ali pa kavalo m'cipululu, kuphethira kamodzi, ali m'nyumba ya mowa ndi magazi pamphumi. Amene wammenya sitinamuone.

Mipata imeneyi ndiyo inali munda wa mkulu wa ku Dedza uja. Iye anayamba wagwira nchito ku Luanshya, kumene kauboyi ali yense wolimba mtima anali kuchedwa Jack, ndipo dzinalo anabwera nalo. Akakhala pakati pathu anali kumasulira mokweza. "Jack akuti, ng'ombe za amalume anga ziri kuti? Wacipewa cakudayu akuti, tinadya caka ca njala, 1949. Jack akuti, nanga zikopa munadyanso?" Pomwepo nkhonya inagwa, ndipo komboni yonse inapfuula. Mkazi wogulitsa mowa anali mlamu wace wa Jack, wapolisi wa nyenyezi pacifuwa anali nyakwawa yodya ziphuphu. Ashangani ndi Abesutu anali kusendera pafupi, ndipo iye akaona tero anatembenukira m'Cifanakalo osapunthwa. Tonse tinadziwa kuti mkuluyu Cingerezi anamwa.

Ku sitolo kunali kugulitsidwa timabuku ta Spear, timene kampani ya Drum inaturutsa kuyambira 1968 kufikira 1972. Sitinali tojambula pamanja ai, koma zithunzi zenizeni za munthu wakuda, Lance Spearman, wobvala suti, cipewa ca panama ndi tayi wa gulugufe, ndudu yaikuru pakamwa, mfuti m'thumba. Mdani wace wamkuru anali Rabon Zollo. Superman wa ku America, amene anayamba kuoneka mu 1938, auluka ndi kunyamula galimoto ngati dengu. Spear sanauluke, anali ndi nkhonya ndi karate basi. Koma khungu lace linali lathu, ndipo panalibe munthu womuitana kuti boyi. Cifukwa cace tinali kusonkha masenti m'cipinda mwathu, mmodzi nakagula. Madzulo mkulu uja anabvala magalasi ace, natsata mau ndi cala, natiwerengera. Kabuku kamodzi kanali kutitengera masiku atatu, pakuti Spear wa m'kamwa mwace anali ndi amai okalamba kumudzi, mlongo wobedwa, ndi ngongole ya msonkho.

Tsono ine ndinayamba sukulu ya usiku kwa mabalani wina. Itatha miyezi khumi ndinatenga kabuku kamodzi ndekha, ndipo ndinapeza kuti pamene mkulu uja anati Spear alumbira pa manda a atate wace, pa pepala panali liu limodzi lokha, kubuula kwa munthu womenyedwa. Mlongo munalibe. Msonkho munalibe.

Cidziwitso ca mnyamata cimayabwa ngati citedze. Usiku womwewo, iye ali pakati pa nkhani, ndinaimirira pamaso pa onse ndi kunena kuti, "Akulu, musatinamize. Apa sipanalembedwe zimenezo." Iye anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anabvula magalasi, nandipatsa kabukuko, nati, "Werenga iwe, mwana wanga, ife timve."

Ndinawerenga, ndi kumasulira liu ndi liu monga kunalembedwa. Spear analowa, anamenya, anaombera, anamwa kacasu wa Azungu, anaturuka. Sipanathe mphindi 15. Wina pa bedi la pamwamba anafunsa kuti, "Yatha?" Ndinati yatha. Sibonda anazima getsi.

Mkulu uja sanawerengenso. Ku bayisikopo anayamba kukhala kumbuyo, cete, ndipo Jack anasanduka Mzungu wolankhulira m'mphuno zimene sitinamve. Kusonkha kunatha kokha. Pambuyo pace mnzace wa kwao anandiuza kuti mkuluyo sanapondepo m'kalasi, ndi kuti magalasi aja anali a galasi wamba. Matikiti ace atatha mu 1972 ndinamnyamulira bokosi lace kufikira pa cipata. Mau opepesa anali pakhosi, koma sanaturuke, ndipo sindinamuonenso.

Kulemba anthu a ku Malawi kunaimitsidwa mu 1974, itagwa ndege ku Francistown, ndipo kunayambanso mu 1977. Nditabwerera mu 1978 ndinapeza m'nyumba ya mnzanga ku lokeshoni timabuku ta ngwazi ina, Mighty Man, amene anayamba kuturuka mu 1975. Uyu ndiye anali Superman wakuda weniweni, wojambulidwa mwaluso ndi amisiri a ku America, wa mitundu yowala, wopanda mpata uli wonse wofuna womasulira. Anali wapolisi amene analandira mphamvu zodabwitsa, ndipo nchito yace inali kumenya atsotsi ndi ogulitsa camba. Tsopano Cingerezi ndinali naco, ndipo ndinawerenga tonse. Ndinadabwa kuti munthu wamphamvu zotere sanafunse ngakhale kamodzi za pasi imene anthu ace anali kumangidwira tsiku ndi tsiku. Ana a ku Soweto anazindikira msanga kuposa ine: citacitika cipolowe ca June 1976 timabukuto sitinakhalitse. Pambuyo pace zinaululika kuti ndalama zace zinacokera mseri ku Dipatimenti ya Zofalitsa Nkhani ya boma la tsankho. Mkulu wa ku Dedza anatinamiza kuti tione kwathu m'kati mwa pepala. Awa analemba zomveka bwino, Cingerezi coongoka, kuti tiyang'ane kumbali.

Sindinena kuti kanema ali yense wochipa ngwabwino. Ambiri ngoipa ndithu, ndipo ndagona tulo pa oculuka. Sindidananso ndi ngwazi zouluka za masiku ano zimene mdzukulu wanga akonda, zodya madola mamiliyoni mazanamazana. Koma ndaona kuti poonera zimenezo anthu akhala cete ngati ali pa maliro a mfumu, pakuti zonse zacitidwa kale ndipo woonera alibe coonjezapo. Kanema wa Nabwana ali ngati nyumba yosafolera bwino: uona thambo, uona pamene mmisiri anaperewera udzu, ndipo dzanja lako lifuna kuthandiza. Ndiyesa ndico cifukwa cace anthu amamatira kanema wotere zaka ndi zaka. Inunso amene muonera zithunzi za karate zomasuliridwa m'Cicewa ndi anyamata a kwathu, zimene Mchaina aitanitsa nsima ya kondoole, mudziwa cimene ndinena. Ngati m'cipinda mwanu muli munthu wa pakamwa potere, mlekeni amarize nkhani yace.

Mdzukulu wanga atafuna kusunga foni ndinampempha kuti ayambitsenso kanemayo, koma atseke mau onse. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, koma anatseka. Panaoneka msilikari wa mfuti ya mtengo alikuloza mnzace. Ndinakonza kukhosi, ndinabvala magalasi anga, ndipo ndinati, "Uyu akuti, ng'ombe za amalume anga ziri kuti?"

"Agogo, mwadziwa bwanji? Ciganda mumamva?"

Ndinamuuza kuti asendere pafupi.